Kampata koyera pakati pa magalafu, ndi nkhani ya madzi a nyanja yathu

Lero za mayeso ndi za malipiro tiziike pambali. Ndikufuna ndikambe za kanthu kakang'ono koti ena museka kuti aphunzitsi asowa chochita: kampata koyera kamene kamatsala pakati pa magalafu awiri kapena atatu mukawasanja pa kompyuta, ina pamwamba pa inzake. Kanandivutitsa sabata yathunthu, ndipo nditayamba kufufuza kumene kanachokera, ndinapezeka kuti ndafika pa mbiri ya nyanja yomwe timasambamoyi.

Zinayamba mu 2024. Amene munali kuno mukukumbukira mmene nyanja inachitira chaka chimenecho. Mchenga umene timayanikapo usipa unamira, mitengo ina inaima m'madzi, ndipo malo ogona alendo angapo, kuyambira kuno mpaka ku Salima ndi ku Mangochi, analowedwa madzi. Mu Epulo a National Water Resources Authority analengeza kuti nyanja yapitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Chodabwitsa n'chakuti mu Malichi chaka chomwecho boma linali litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, makamaka chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Kumwera chimanga chikufota, kuno madzi akulowa m'nyumba. Pamsika pa Chintheche yankho linali limodzi basi: atseka baraji ku Liwonde kuti magetsi asazime, ife tikumira chifukwa cha anthu a m'tauni.

Ana a Fomu 3 analowa nalo funsoli m'kalasi la jogalafe. Ambiri mwa iwo makolo awo ndi asodzi, ndiye sinali nkhani ya m'buku ayi. Ndinaganiza zowaonetsa zinthu zitatu pa pepala limodzi: mvula mwezi ndi mwezi, msinkhu wa nyanja, ndi madzi otuluka mu Shire. Ndinajambula magalafu atatu pa kompyuta ya mu ofesi, iliyonse ndi mutu wake, bokosi lake, ndi miyezi yake m'munsi, n'kuwakoka ndi mausi mpaka ataoneka ngati aima pamzere. Nditagawa mapepala, mtsikana wina anaimika rula pa pepala lake, n'kunena kuti, “Aphunzitsi, Epulo wanu akuyenda.” Ankanena zoona. Manambala a m'mbali anali osiyana kutalika, a mvula aafupi, a nyanja aatali, ndiye bokosi lililonse linayambira pakepake. Epulo wa pamwamba anali pamutu pa Malichi wa pakati. Pakati pa mabokosiwo panalinso mpata waukulu ngati chala, wodzaza ndi mitu ndi mayina a miyezi, moti diso likamatsika linkasochera panjira. Phunziro lonse linali loti aone chimene chimayamba ndi chimene chimatsatira, ndipo pepala langa linkanama pa chinthu chomwecho.

Tsiku limenelo tinachita monga tinkachitira kale: sizasi, guluu, kudula mitu, kulumikiza. Kenako mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo, panopa amagwira ntchito za madzi, ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha manambala omwewo, mabokosi atatu ogundana ngati njerwa, miyezi italembedwa kamodzi kokha pansi penipeni. Ndinamufunsa kuti zamutengera maola angati. Anati mawu awiri okha mu pulogalamu yotchedwa matplotlib: sharex=True, kuti mabokosi onse agawane mzere umodzi wa nthawi, ndi hspace=0, kuti mpata uchoke. Ndinachita manyazi pang'ono, koma funso linandikhalira m'mutu. Ngati kuchotsa mpatawu n'kosavuta chonchi, anauikirapo chiyani poyamba?

Yankho lili ku nyumba zosindikizira mabuku. Amene ambiri amati ndiye tate wa magalafu a manambala ndi William Playfair wa ku Scotland, amene mu 1786 anatulutsa The Commercial and Political Atlas, buku la magalafu 44 oonetsa malonda a dziko la England ndi maiko ena. Masiku amenewo galafu ankaizokota pa chitsulo cha kopa, n'kuisindikiza payokha, posiyana ndi masamba a mawu. Choncho galafu iliyonse inkabadwa ngati chithunzi chopachika pakhoma: mpanda wake, mutu wake, manambala ake mbali zonse, ndi malo oyera kuzungulira. Chizolowezi chimenechi ndi chomwe tinatengera m'masukulu. Mpaka lero tikamachonga galafu ya mwana timayang'ana mutu, mayina a mizere iwiri, ndi sikelo, ndipo wopanda mutu timamudula malikisi. Sitilakwa. Galafu yoima payokha iyenera kudzifotokoza yokha.

Koma panalinso mwambo wina umene sunachokere kwa osindikiza, unachokera ku makina oyezera. Mu 1847 Carl Ludwig wa ku Germany anapanga chipangizo chokhala ndi ng'oma yozungulira yokutidwa ndi pepala, ndipo kansonga kolumikizidwa ku mtsempha wa nyama kankalemba papepalapo mmene magazi akugundira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860 Afalansa awiri, Étienne-Jules Marey ndi Auguste Chauveau, analowetsa timachubu mu mtima wa kavalo wamoyo n'kulumikiza tinsonga titatu ku ng'oma imodzi. Mizere itatu inkalembedwa nthawi imodzi, wina pansi pa unzake. Apa panalibe woti aike mpanda kapena mutu pakati, chifukwa pepala linali limodzi ndipo nthawi inali imodzi. Phindu lake linali pomwepo: ukaimika rula, umaona chipinda cha mtima chimene chayamba kufinya ndi chimene chatsatira. Mtsikana wanga wa rula uja ankafuna chinthu chomwechi, kavalo yekha ndiye analibe.

Wina amene anazindikira mphamvu ya kugundanitsa anali Charles Joseph Minard, amene mu 1869 anajambula ulendo wa asilikali a Napoleon wopita ku Moscow mu 1812. Pamwamba pali mzere wonenepa wa anthu 422,000 umene ukuwonda mpaka kutsala 10,000 pobwerera. Pansi pake penipeni anaikapo galafu ya kuzizira kwa masiku obwererawo, ndipo timizere topyapyala timatsika kuchokera pa malo a pamapu kufika pa kuzizira kwa tsiku limenelo. Akanaika galafu ya kuzizirayo pa tsamba lina, bwenzi lero palibe akuikumbukira.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa apa ndi pamene nkhaniyi inandigwira mtima.

Manambala a msinkhu wa nyanja yathu amayambira mu 1896, ngakhale a zaka zoyambirirazo si odalirika ngati a masiku ano, amene amawerengedwa pa zoyezera za ku Chilumba, Nkhata Bay ndi Monkey Bay. Sitima yoyamba yotchedwa Ilala inalowa m'nyanja mu 1875 kudzera mu Shire, ndipo amishoni amene anasamukira pa Bandawe pano mu 1881 ankadalira njira yomweyo pa makalata ndi katundu. Koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nyanja inkangotsika, sitima zinayamba kutitimira mu mchenga kumtunda kwa Shire, ndipo pofika mu 1915 madzi anali pafupifupi mamita 470. Milu ya mchenga ndi zomera inatseka potulukira. Kwa zaka pafupifupi 20 Shire sankatulutsa madzi a m'nyanja, ndipo pansi pa nyanja ya Malombe anthu ankalimapo. Ana ndikawauza zimenezi amaganiza kuti ndi nthano ya kalulu.

Kwa atsamunda inali nkhani ya ndalama, ndiye ankafunitsitsa kudziwa chimene chimayendetsa nyanja. Mu 1923 katswiri wa zanyengo wa ku London, C. E. P. Brooks, anafanizira msinkhu wa nyanja ya Victoria kuyambira 1896 mpaka 1922 ndi kuchuluka kwa mawanga akuda amene amaoneka padzuwa, omwe amachuluka ndi kuchepa pa zaka pafupifupi 11 zilizonse. Mizere iwiriyo inkakwera ndi kutsika pamodzi ngati ovina malipenga. Chaka chotsatira, mu 1924, Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, analemba mu magazini ya Nature za msinkhu wa nyanja, mvula, ndi mawanga a padzuwawo, ndipo nyanja yathu inalowa nawo m'nkhaniyo. Ganizo lake linali lokopa ndithu. Ngati dzuwa ndiye likuyendetsa nyanja, ndiye kuti ukhoza kulosera zaka zoti sitima ziyenda ndi zoti minda ya m'mbali mwa nyanja imira.

Mfundo yotereyi imaima pa chinthu chimodzi, kuika mizere iwiri pa zaka zofanana n'kulola diso ligamule. Ndipo diso la munthu likaona nsonga ziwiri zitayang'anizana limakhutira msanga. Vuto linali lakuti zaka 26 za Brooks zinali ndi maulendo awiri okha ndi theka a mawangawo. Zaka zitawonjezeka, mavinidwe aja anasokonekera. Mawanga anachepa mu 1923, anachuluka mu 1928, anachepanso mu 1933, koma nyanja yathu, kupatula kukwera ndi kutsika kwa dzinja ndi chilimwe, inkangokwerabe kuchokera mu 1915, mpaka cha m'ma 1935 madzi anasefukira pa milu ya mchenga ija ndipo Shire anayambanso kuyenda. Ya Victoria nayo pakati pa 1961 ndi 1964 inakwera mamita opitirira awiri, zimene dzuwa silikanafotokoza. Nkhani ya mawanga sinafe kwathunthu, paja mu 2007 akatswiri ena anaidzutsanso pa za nyanja ya Victoria, koma palibe injiniya amene angamange doko podalira iyo.

Ine ndikaiona nkhani imeneyi ndimati bokosi limodzi linasowa. Nyanja ili ngati thanki. Madzi amalowa ndi mvula yogwera panyanja pomwepo ndi mitsinje, Ruhuhu wa ku Tanzania amene ndi wamkulu pa yonse, Songwe, ma Rukuru awiri, Luweya wathuyu, Dwangwa, Bua, Linthipe ndi ina. Amatuluka m'njira ziwiri: ochuluka kwambiri amauluka ngati nthunzi, ochepa amadutsa mu Shire. Potulukira pakatsekeka, ngakhale mvula ikhale yapakatikati, kotsala kakang'ono ka chaka chilichonse kamaunjikana. Amene akanaika galafu ya madzi a mu Shire pansi pa ya msinkhu wa nyanja akanaona mzere wogona pa ziro kwa zaka 20, moyang'anizana ndendende ndi phiri lokwera lija. Kugundanitsa magalafu kunathandiza anthu kuona mgwirizano, koma mgwirizano wa zinthu zokhazo zimene wojambula anasankha kuika papepala.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Mu 1956 anamanga khoma la dothi pa Liwonde kutseka Shire, n'kuligumula mu 1957. Baraji ya Kamuzu inatha mu 1965, ndipo siteshoni yamagetsi ya Nkula A inayamba ntchito mu 1966. Kuyambira pamenepo msinkhu wa nyanja unasanduka nkhani ya magetsi a dziko lonse. Mu 1980 nyanja inafika pafupifupi mamita 477, akuluakulu akuno amakumbukira nyumba zimene zinagwa nthawi imeneyo. Mu 1997 inatsikira pafupifupi pa 473. Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2016 ndi 2017, kumene kunatilembetsa masikimu ndi tochi ya foni, kunabwera nyanja itatsikanso. Mbiri yonse ya zaka zoposa 120 ikukwana mu mamita asanu ndi awiri okha, pa nyanja imene malo ena ndi yakuya mamita 700.

Nanga makompyuta analowa bwanji? Amene analemba mapulogalamu oyamba ojambula magalafu anatengera mwambo wa Playfair, osati wa ng'oma ya Ludwig. Ndipo n'zomveka. Pulogalamu sidziwa ngati magalafu awiri amene mwaiuza kuti ijambule ali pachibale. Mwina ina ndi ya mvula, ina ndi ya mitengo ya feteleza. Ndiye imasiya malo okwanira mutu ndi manambala pa bokosi lililonse kuti zisapondane. Mu chiyankhulo cha R, chimene Ross Ihaka ndi Robert Gentleman anayamba ku Auckland ndipo chinafika pa 1.0 pa 29 Febuluwale 2000, galafu iliyonse imabadwa ndi malire okwana mizere ya mawu 5.1 pansi, 4.1 kumanzere, 4.1 pamwamba ndi 2.1 kumanja, cholowa chochokera ku chiyankhulo cha S cha ku Bell Labs. Mukasanja ziwiri, pakati pamakhala mizere yoposa 9 ya malo oyera. Kuti achoke mumasintha mar kukhala ziro pamwamba ndi pansi, n'kusiya malo kunja kwa gulu lonse ndi oma. Mu gnuplot, imene Thomas Williams ndi Colin Kelley anayamba mu 1986, mumalamula set multiplot n'kuchepetsa tmargin ndi bmargin. MATLAB ndiye inazunza anthu nthawi yaitali: lamulo lake la subplot linalibe posinthira mpata, moti ogwiritsa ntchito ankalemba okha timapulogalamu tokonzera vutoli n'kumagawana, mpaka mu 2019 pamene kunabwera tiledlayout, mmene mukhoza kuuza TileSpacing kuti ikhale none.

Amene anayamba kuukira malo oyerawa anali anthu a masamu a chiwerengero. Mu 1983 Edward Tufte anatulutsa The Visual Display of Quantitative Information, mmene analimbikitsa kuti inki izipita ku manambala enieni osati ku mipanda ndi zokongoletsa, ndiponso kuti timagalafu tambiri tofanana tiziikidwa moyandikana kuti diso lifanizire. William Cleveland wa ku Bell Labs ndi mnzake Richard Becker anapita patsogolo m'zaka za m'ma 1990 ndi njira yotchedwa Trellis, imene mabokosi ake amagundana kuchokera pachiyambi, sikelo imodzi, manambala kunja kokha. Mu lattice, mwana wa Trellis amene Deepayan Sarkar analembera R, zinthu n'zotembenuka: mpata ndi umene umachita kupempha.

Pali kankhani ka Cleveland kamene ndimakakonda. Panali manambala akale a zokolola za balere ku Minnesota, mitundu 10 ya mbewu, minda yoyesera 6, zaka ziwiri, 1931 ndi 1932. Akatswiri otchuka, ngakhale R. A. Fisher amene, anawagwiritsa ntchito m'mabuku awo. Cleveland atawajambula mu 1993 m'mabokosi asanu ndi limodzi osanjikizana, zinaonekeratu kuti m'minda isanu chaka cha 1931 chinakolola bwino kuposa 1932, koma pa munda wa Morris pokha zinali zosemphana. Iye anaganiza kuti wina anasinthanitsa zaka pokopera, ndipo kwa zaka 60 palibe anaona. Nkhaniyi inafalikira m'makalasi ambiri ngati umboni wa mphamvu ya galafu. Koma mu 2013 Kevin Wright anafufuza zolemba zina za nthawi imeneyo n'kusonyeza kuti mwina panalibe cholakwa chilichonse, nyengo ndi matenda a mbewu zinkasiyanadi malo ndi malo. Taonani, ngakhale mphunzitsi wamkulu wa magalafu diso linamuthamangitsa.

Matplotlib imene mnyamata wanga uja anagwiritsa ntchito ili ndi chiyambi chimene mphunzitsi aliyense wa ku CDSS angachimvetse. John Hunter ankafufuza za ubongo wa odwala khunyu ku University of Chicago. Pulogalamu yogula imene ankaonera mafunde a muubongo inali ndi chilolezo chimodzi chokha, kachipangizo kolowetsa pa kompyuta, ndipo gulu lonse linkachita kulandirana ngati buku limodzi pa ana khumi. Anatopa nazo, n'kuyamba kulemba yake mu Python, imene inatuluka mu 2003, yaulere kwa aliyense. Hunter anamwalira mu 2012 ali ndi zaka 44. Mafunde a muubongo ndi zidzukulu za ng'oma ya Ludwig, mizere yambiri pa nthawi imodzi, komabe matplotlib nayo imabadwa ndi mpata: hspace ndi wspace zimayamba pa 0.2, kutanthauza kuti malo oyera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a msinkhu kapena mulifupi wa bokosi. Mu 2010 anawonjezera GridSpec yolola kuti mabokosi asiyane kukula, ndipo mu 2011 tight_layout yoyeza yokha malo ofunika. Chenjezo kwa amene muyese: tight_layout mukaiitana mutaika kale ziro uja, imabwezeretsa mpata, chifukwa ntchito yake ndi kupatsa manambala malo. Inenso inandigwira, ndinakhala madzulo onse ndikuganiza kuti kompyuta yalodzedwa.

Mukafuna kuona kumene magalafu ogundana amagwira ntchito yaikulu, tsegulani mapepala a anthu ofufuza nyengo zakale. Ndipo apanso nyanja yathu ilimo. Mu 2005 gulu la akatswiri, mwa iwo Christopher Scholz wa ku Syracuse, Thomas Johnson wa ku Minnesota ndi Andrew Cohen wa ku Arizona, linamanga makina obowolera pa Viphya, chombo chonyamula mafuta cha panyanja pano. M'chigawo chapakati cha nyanja, pamadzi akuya pafupifupi mamita 590, anabowola matope okwana pafupifupi mamita 380. Matope amenewa ndi kaundula: chaka chilichonse chimasiya kansalu kake ka fumbi, mungu wa maluwa, zigoba za tizilombo ta m'madzi, ndi makala a moto wa m'tchire. Zimene anafalitsa mu 2007 zinadabwitsa anthu. Pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunali zilala zoopsa moti nyanja inataya madzi osachepera 95 pa 100 alionse. Kafukufuku wa mu 2015 pa matope omwewo anabwerera m'mbuyo zaka 1.3 miliyoni, n'kupeza maulendo 24 amene madzi anatsika mamita oposa 200. Pamene pali Chintheche lero panali pamtunda woti kukatunga madzi kunyanja ndi ulendo.

Umboni wa zinthu zotere suli mu chinthu chimodzi. Mungu wokha sungakhutiritse munthu, zigoba zokha ayi. Chimene chimakhutiritsa ndi kuona zizindikiro zisanu kapena zisanu ndi zitatu zikusintha pa malo amodzi a matopewo. N'chifukwa chake m'mapepala a mtundu umenewu mumapeza mizere yambiri itapanikizana pa mzere umodzi wa zaka, nthawi zina ndi kamthunzi kotuwa kodutsa mabokosi onse posonyeza nyengo ya chilala. Galafu yotchuka ya ayezi wa ku Vostok ya mu 1999, yoonetsa mpweya wa carbon dioxide, methane ndi kutentha kwa zaka 420,000, inasanjidwa mwanjira yomweyo. Kamthunzi kaja sikangadutse bwino pa mipata itatu yodzaza ndi mitu.

Tibwerere m'kalasi. Nditaphunzira mawu awiri aja, ndinapanganso pepala langa. Cholakwa choyamba chinabwera pompo. Mabokosi akagundana, nambala yotsiriza pansi pa bokosi lapamwamba imagwera pa nambala yoyamba pamwamba pa bokosi lapansi. Ziro wa mvula anakhala pamutu pa 477 wa nyanja, n'kupanga kachilembo kosawerengeka. Mankhwala ake ndi kuchotsa nambala imodzi ya kumapeto, mu matplotlib mawu ake ndi prune, kapena kusinthanitsa, bokosi lina manambala kumanzere, lotsatira kumanja. Cholakwa chachiwiri ndi chachikulu, ndipo pulogalamu singakuchenjezeni. Bokosi la mvula limayambira pa ziro. La nyanja ndinaliyambitsa pa 473, chifukwa likayambira pa ziro mzere umangogona ngati msewu wa M5. Ndiye mamita awiri ankaoneka ngati phiri lofanana ndi mamilimita mazana a mvula. Pamene mpata unalipo, ana ankadziwa kuti awa ndi magalafu atatu osiyana. Utachoka, ena anayamba kuwerenga ngati galafu imodzi yaitali. Ndinayenera kulemba dzina ndi muyeso m'kati mwa bokosi lililonse ndi zilembo zazikulu.

Choncho maganizo anga kwa aphunzitsi anzanga ndi awa. Mukachotsa mpata mukulonjeza owerenga kuti mzere wam'munsi ndi umodzi, kuti Epulo ndi Epulo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ngati galafu ina ndi ya miyezi ndipo ina ndi ya zaka, usiyeni mpatawo, ukugwira ntchito ya mpanda. Ndaona malipoti ena a mabungwe, sinditchula, amene amagundanitsa mabokosi a maboma osiyana koma lililonse ndi sikelo yake, moti boma la mvula yochepa limaoneka lofanana ndi lathu lino. Kumeneko ndi kukongoletsa bodza. Ndipo musatengere izi ku mayeso a MSCE, kumene mwana amajambula galafu imodzi yokha ndipo mutu ndi mayina a mizere ndi malikisi ake.

Pepala litakhala bwino, rula ya mtsikana uja inagwira ntchito. Ana anaona okha kuti mvula imayamba mu Novembala kapena Disembala nyanja ili pansi penipeni, kuti kuno imalimba mu Malichi ndi Epulo, ndipo nyanja imafika pachimake mu Epulo kapena Meyi, mvula ikupita kumapeto, chifukwa madzi a m'mapiri amatenga nthawi kutsika. Anaonanso kuti bokosi la Shire limatsatira la nyanja, nyanja ikakwera mtsinje umanyamula zambiri. Pa za baraji ndinawapatsa samu. Nyanja ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 29,000, ndiye mita imodzi ya msinkhu ndi makiyubiki mita 29 biliyoni. Tingoyerekeza kuti a ku Liwonde atsegula zipata n'kuwonjezera makiyubiki mita 300 pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku, chaka chathunthu. Chaka chili ndi masekondi pafupifupi 31.5 miliyoni. Yankho ndi makiyubiki mita 9.5 biliyoni, kutanthauza kuti nyanja ingatsike masentimita 33 okha. Si zachabe ayi, kwa munthu amene madzi ali pakhonde masentimita 33 ndi nyumba. Baraji imakhudzadi nyanja, chifukwa kuchokera ku Mangochi kufika ku Liwonde mtsinje sutsetsereka kwenikweni. Koma madzi amenewo sapita kumwamba, amapita ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kwa anthu amene mu 2022 anaona namondwe Ana ndipo mu 2023 anaona Freddy. M'kalasi munali chete pang'ono.

Mtsikana uja anatenga pepala kunyumba. Bambo ake, amene paunyamata wawo anagwirapo ntchito pa sitima ndipo gombe la ku Tanzania amalidziwa bwino, anabwera nalo okha kusukulu Lolemba lotsatira, litapindidwa m'thumba la shati. Tinapatsana moni wa Chitonga, ndinawapatsa mpando, ndipo analiyala pa tebulo n'kuloza bokosi lapamwamba.

“Aphunzitsi, mvula iyi ndi ya kuti?”

Ndinati ndi ya ku Nkhata Bay, ada.

“Nanga ya ku Manda, kumene Ruhuhu amathira? Inu munamuonapo Ruhuhu mu Epulo?”

Ndinavomera kuti sindinafikeko. Anapinda pepala lija bwinobwino n'kundibwezera, nati za baraji akaziganizirabe, koma ndikadzaika mvula ya kutsidya pamwamba pa mabokosi atatuwo ndidzawatumizire mwana. Pepala la chaka chino lili ndi mabokosi anayi, ndipo mnyamata wanga wa za madzi uja ndi amene ndamutuma kuti adzaze lapamwambalo.